Foda yokhala mu RAM: kumangirira tmpfs pa Linux

Mukatsegula terminal pa kompyuta ya Linux n'kulemba `df -h`, pamatuluka mizere ingapo yoyamba ndi mawu akuti tmpfs. Ambirife timangoilumpha, maso ali pa mzere wa disiki kuti tione malo atsala ochuluka bwanji. Komatu mizere yolumphidwayo ikunena za mafoda omwe sali pa disiki n'komwe. Foda ya /run, ya /dev/shm ndi ya /run/user/1000 zonse zimakhala mu RAM, ndipo kompyuta imazipanga mwatsopano nthawi iliyonse. Inunso mutha kupanga yanu ndi lamulo la mzere umodzi. Lamulolo n'losavuta. Pofunika nzeru ndi posankha zoti muikemo, makamaka kuno ku Zomba komwe laputopu ya mwana wasukulu nthawi zambiri imakhala ndi RAM ya 4 GB, batire inafa kalekale, ndipo magetsi akamapita satsanzika.

RAM ndi disiki zimasiyana ngati bolodi ndi kope. Pabolodi mumalemba msanga n'kufufuta msanga, koma akalowa mphunzitsi wina zonse zapita. M'kope mumalemba mochedwa koma mawa mukazipeza. RAM imagwira zinthu pokhapokha magetsi akuyendamo. Liwiro lake ndiye losayerekezeka. Disiki yozungulira ya m'malaputopu akale imazungulira maulendo 5,400 pa mphindi, ndipo kamutu kake kowerengera kamatenga mamilisekondi 10 kapena kuposerapo kuti kafike pamene pali fayilo. RAM imayankha m'mananosekondi pafupifupi 100. Kutanthauza kuti disiki ikamayankha kamodzi, RAM yayankha kale maulendo 100,000. SSD ya SATA imayesetsa, imafika pa 550 MB pa sekondi, koma RAM ya DDR4-2400 papepala imafika pa 19 GB pa sekondi.

Linux ilibe C: ndi D: ngati Windows. Zonse zili mumtengo umodzi woyambira pa /, ndipo chilichonse chosungirako mafayilo chimamangiriridwa pa foda ina mumtengomo. Mukabaya fulashi, imatulukira pansi pa /media kapena /run/media. Ndiye kuti pali pulogalamu ina yomwe yakulemberani lamulo la `mount` inu osadziwa. Kusiyana kwa tmpfs n'kwakuti kumbuyo kwake kulibe chipangizo chilichonse. Palibe chobaya, palibe chofomata. Kernel, mtima wa Linux womwe umayendetsa zipangizo za kompyuta, imangotenga RAM n'kuionetsa ngati foda. Dzinali linayambira mu SunOS ya kampani ya Sun Microsystems, ndipo Linux inakhala nalo kuyambira pa kernel 2.4 ya mu 2001.

Choyamba pangani foda yopanda kanthu, kenako mangirirani:

```
sudo mkdir -p /mnt/changu
sudo mount -t tmpfs -o size=512M tmpfs /mnt/changu
```

Zikayenda bwino kompyuta sinena kanthu, imangokubwezerani mzere watsopano. Ndi khalidwe la malamulo ambiri a Linux: akakhala chete, ndiye kuti zatheka. `-t tmpfs` akuuza `mount` mtundu wa chinthu chomwe akumangirira. `-o` amatsegulira zosankha, ndipo pano tasankha chimodzi chokha, malire a 512 MB. Mawu a tmpfs achiwiriwo amasokoneza anthu. Pamalo amenepo nthawi zonse pamalembedwa chipangizo, monga /dev/sdb1, koma poti chipangizo palibe, mawu alionse akwana. Mutalembapo zomba zingayende chimodzimodzi, ndipo `df` adzakuonetsani dzina limenelo. Chomaliza ndi foda yomangirirapo. Kuti mutsimikize:

```
df -h /mnt/changu
findmnt /mnt/changu
```

Loyambalo likuonetsani kukula 512M, zogwiritsidwa ntchito 0. Lachiwiri likuonetsani zosankha zonse zomwe kernel yavomera, ndipo ndi limene ndimalikhulupirira ndikakayika ngati chomwe ndalemba chamveka.

Ndanena kuti foda yopanda kanthu, ndipo pali chifukwa. Mnyamata wina wa chaka chachiwiri ku yunivesite, wokhala ku Chikanda, anabwera madzulo ena laputopu ili yotsegula m'manja, nkhope itagwa. "Achimwene, pulojekiti yanga yonse yasowa. Sindinafufute kanthu, ndikulumbira." Anali atamva kuti tmpfs imafulumizitsa zinthu, ndiye anaimangirira pa foda yeniyeniyo momwe munali ntchito yake ya miyezi ingapo. Akalemba `ls`, mulibe kanthu. Ndinamuuza atuluke mufodamo ndi `cd`, kenako alembe `sudo umount` ndi dzina la fodayo. Atalembanso `ls`, mafayilo onse anali pomwepo, palibe ngakhale imodzi yokhudzidwa. Anangoti, "Aaa, ndiye zinabisala kuti?" Sizinapite kulikonse. Mukamangirira chinthu pa foda yomwe muli kale mafayilo, zakalezo zimaphimbika mpaka mutamasula. Choopsa chili mbali inayo: akanakhala kuti sanazindikire, n'kuyamba kulemba ntchito yatsopano m'menemo poganiza kuti ikupita pa disiki, imeneyo ndiye ikanatayika kompyuta ikangozima.

Tsopano nkhani ya kukula, yomwe ambiri amaimva molakwika. Mukalemba size=512M simunalande RAM ya 512 MB n'kuiika pambali. Mwangoika malire. Foda ikakhala yopanda kanthu sidya RAM yoti n'kuitchula. Imakula mukamaikamo zinthu, imachepa mukamafufuta. Mutha kudzionera nokha. Lembani `free -h` musunge manambala m'mutu, kenako:

```
dd if=/dev/zero of=/mnt/changu/yeso bs=1M count=300
free -h
```

Mzati wa shared wakwera ndi 300 MB, wa buff/cache nawonso wakwera, ndipo wa available watsika. Apa pali msampha. Tinazolowera kuti zomwe zili mu buff/cache kernel imatha kuzitaya ikafuna malo, ndipo n'zoona pa mafayilo omwe ali ndi kwawo pa disiki. Mafayilo a mu tmpfs kwawo ndi komweko. Kernel singawataye, ingathe kungowasunthira ku swap, malo a pa disiki othandizira RAM ikachepa, ngati ilipo. Choncho nambala yoyenera kuyang'ana ndi ya available, osati ya free kapena ya cache. Mukafufuta fayiloyo ndi `rm`, RAM imabwerera nthawi yomweyo.

Bwerezani lamulo la `dd` lija koma ndi count=600. Likafika pa malire liima n'kunena kuti "No space left on device". Uthengawu umakwiyitsa, koma ndi umene wapulumutsa kompyuta yanu. Mukapanda kulemba size, kernel imaika yokha malire a theka la RAM yonse. Pa seva ya 64 GB palibe vuto. Pa laputopu ya 4 GB ndi 2 GB, pamene /dev/shm nayo ili kale ndi malire a theka, Firefox kapena Chrome akufunanso zake. Malire a mafoda onsewa mukawaphatikiza amatha kuposa RAM yomwe muli nayo, ndipo kernel sikuletsani. N'chifukwa chake ine sindimangirira tmpfs popanda kulemba kukula kwake. Mutha kulemba ndi k, m, g kapena peresenti, monga size=20%. Musalembe size=0 poganiza kuti ndi chochepetsetsa; kwa tmpfs ziro akutanthauza kuti malire palibe.

Malo akachepa ntchito ili mkati simufunika kumasula. Mumangosintha:

```
sudo mount -o remount,size=1G /mnt/changu
```

Mafayilo onse amakhala momwemo. Kuchepetsa kumathekanso, bola musatsike pansi pa zomwe zilimo kale. Mukayesa, kernel imakana.

Nthawi zina uthenga woti malo atha umabwera pomwe `df -h` akusonyeza kuti malo alipo ambiri. Zikatero lembani `df -i`. Fayilo iliyonse, ngakhale yopanda kanthu, imafuna inode, kakaundula kosunga mwini wake, chilolezo ndi nthawi yomwe inasinthidwa, ndipo chiwerengero cha ma inode chili ndi malire akeake omwe mumasintha ndi nr_inodes. Komanso RAM imagawidwa m'magawo a 4 KB pa makompyuta wamba, choncho fayilo ya zilembo khumi imadya 4 KB yathunthu. Timafayilo 100,000 tating'onoting'ono tadya kale pafupifupi 400 MB.

Za chilolezo nazo n'zofunika kuzionetsetsa ngati kompyutayo mumagwiritsa ntchito anthu angapo. Foda ya tmpfs imabadwa ndi mode 1777, chimodzimodzi /tmp: aliyense atha kulembamo, koma sangafufute za mnzake. Ngati mukufuna ikhale yanu nokha, funsani nambala yanu ndi `id -u` ndi `id -g`, zomwe kwa munthu woyamba kulembetsedwa pa Ubuntu kapena Debian zimakhala 1000, kenako:

```
sudo mount -t tmpfs -o size=512M,mode=0700,uid=1000,gid=1000,nosuid,nodev tmpfs /mnt/changu
```

Pakati pa zosankhazo musaike mpata, zizindikiro za koma (,) zokha. Pa seva yomwe imalandira mafayilo kuchokera pa intaneti onjezani noexec, kuti chomwe chaponyedwamo chisayendetsedwe ngati pulogalamu. Koma mukafuna kumangiramo mapulogalamu anu ndi gcc n'kuwayesa momwemo, noexec isiyeni, apo ayi mudzakhala mukulimbana ndi "Permission denied" pa fayilo yomwe chilolezo chake chikuoneka cholondola.

Pomaliza ntchito, `sudo umount /mnt/changu`. Onani kalembedwe, ndi umount, palibe n pambuyo pa u. Lamuloli silifunsa ngati mwatsimikiza, ndipo zonse zomwe zinalimo zimatha pomwepo. Palibe pulogalamu yobwezeretsa mafayilo yomwe ingakuthandizeni. Likakana n'kunena kuti "target is busy", kawirikawiri wolakwa ndi terminal yanu yomwe, yomwe idakali mkati mwa fodayo. Tulukani ndi `cd`. Likakanabe, `sudo fuser -vm /mnt/changu` akuonetsani pulogalamu yomwe yagwira fayilo. Ena amathamangira `umount -l`, yemwe amachotsa foda m'maso mwanu koma RAM imakhalabe yogwidwa mpaka pulogalamuyo itasiya. Ndi bwino kupeza wogwirayo.

Chomangirira ndi manja chimaiwalika kompyuta ikazima. Kuti foda izibwera yokha nthawi zonse, onjezani mzere uwu mu /etc/fstab:

```
tmpfs  /mnt/changu  tmpfs  size=512M,mode=1777,nosuid,nodev  0  0
```

Chomwe chimabwerera ndi foda yopanda kanthu, osati zomwe zinalimo. Fayilo ya fstab njosachita nayo masewera, chifukwa mzere wolakwika utha kuimitsa kompyuta pakati pa kuyaka n'kukusiyani mu emergency mode. Musanazimitse, yesani ndi `sudo findmnt --verify`, kenako `sudo systemctl daemon-reload` ndi `sudo mount -a`. Zikapanda kudandaula za cholakwika, mwalemba bwino.

Mukamafufuza nkhaniyi mudzakumana ndi dzina lina, ramfs, ndipo malangizo ena akale amauza anthu kuti aigwiritse ntchito. Lamulo lake likufanana ndi lija, `sudo mount -t ramfs ramfs /mnt/changu`, ndipo ndi yomwe inayamba. Tmpfs inabwera kudzaonjezera zomwe ramfs inalibe. Zomwe inalibezo ndi ziwiri: malire ndi swap. Choipitsitsa n'chakuti ramfs mukailembera size=512M sikana ayi. Imavomera mwakachetechete n'kunyalanyaza. Munthu amakhala ndi mtima woti waika malire pomwe palibe. `df -h` saionetsa n'komwe pokhapokha mutaonjeza `-a`, ndipo ngakhale pamenepo amalemba maziro okhaokha. Ndiye pulogalamu ina ikalusa n'kumangolemba osaima, RAM imadzaza mpaka pakamwa. Mbewa ya kompyuta imayamba kukakamira, zenera sililabadira, kenako mbali ya kernel yotchedwa OOM killer imayamba kupha mapulogalamu kuti ipeze malo, kuyambira amene akudya RAM yambiri, kawirikawiri burawuza yanu. Koma kupha mapulogalamu sikubweza RAM yomwe yagwidwa ndi mafayilo, poti mafayilowo si a pulogalamu iliyonse. Imapha uyu, imapha uyo, malo osapezeka, mpaka inu mutagwira batani lozimitsira. N'chifukwa chake zolemba za kernel zimachenjeza kuti mu ramfs muzilemba root yekha, akaunti yolamulira kompyuta yonse, kapena munthu wodalirika.

Nanga ramfs ilipo chifukwa chiyani? Phindu lake ndi lomwelo loti sipita ku swap. Swap ndi gawo la disiki lomwe kernel imatayirako zinthu RAM ikachepa, ndipo tmpfs imalola mafayilo ake kupita kumeneko. Pa ntchito wamba zimenezo n'zabwino, kompyuta imachedwa koma siigwa. Koma tiyerekeze mwatsegula fayilo ya chinsinsi, kaya ndi makiyi a seva kapena mayina a anthu omwe anayankha mafunso pa kafukufuku, n'kuiika mu tmpfs poganiza kuti sikhudza disiki. RAM ikapanikizika, zidutswa zake zitha kulembedwa mu swap n'kukhala momwemo ngakhale kompyuta itazima, mpaka china chidzalembedwe pamwamba pake. Kale yankho linali ramfs kapena swap yotsekedwa ndi encryption. Kuyambira pa kernel 6.4 ya mu 2023, tmpfs ili ndi chosankha cha noswap, chomwe chimakupatsani zonse ziwiri, malire ndi kusapita ku disiki:

```
sudo mount -t tmpfs -o size=64M,mode=0700,noswap tmpfs /mnt/chinsinsi
```

Onani kernel yanu ndi `uname -r`. Ubuntu 24.04 inabwera ndi 6.8, Debian 13 ndi 6.12, zonsezi zikwana. Debian 12 ili ndi 6.1 ndipo ikana. Kwa amene ali ndi kernel yatsopano, sindikuonanso chifukwa chogwirira ramfs.

Palinso njira ya brd, yomwe imapanga /dev/ram0 yooneka ngati disiki yeniyeni yoti muifomate ndi ext4. Imathandiza pophunzira kufomata popanda kuononga disiki yanu, koma pa ntchito ya tsiku ndi tsiku imangoononga RAM. Zram ndi nkhani ina: imapanikiza zomwe zili mu RAM kuti zikwane zambiri, ndipo Fedora imaigwiritsa ntchito ngati swap kuyambira mu 2020. Kwa laputopu ya 4 GB, zram imathandiza kuposa tmpfs iliyonse yomwe mungamangirire.

Funso lenileni ndi loti kodi zimafulumizitsadi ntchito. Nthawi zambiri osati monga anthu amayembekezera, chifukwa Linux imachita kale zambiri mwa izi payokha. Fayilo iliyonse mukaiwerenga koyamba, kernel imaisunga mu RAM yomwe ikungokhala, ndipo kachiwiri imaitenga momwemo osapitanso ku disiki. Mukakopera fayilo yaikulu ya CSV mu tmpfs kuti iziwerengeka msanga, mwaiwerengabe kamodzi kuchokera pa disiki, chomwe chikanachitika kale, ndipo tsopano mwamanga RAM yomwe kernel ikanatha kuimasula ikafunika. Polemba n'chimodzimodzi: zomwe pulogalamu yalemba zimayamba zakhala mu RAM, ndipo kernel imazitsitsira ku disiki pambuyo pake, kawirikawiri zikakhala masekondi 30. Pulogalamu siidikira.

Imadikira pokhapokha itapempha yokha, kudzera mu fsync, kuti disiki itsimikize kuti zalembedwadi. Madatabesi amachita zimenezi pa transaction iliyonse. Olemba SQLite amanena okha kuti pa disiki yozungulira maulendo 7,200 pa mphindi simungapitirire ma transaction pafupifupi 60 pa sekondi. Mu tmpfs fsync imabwerera nthawi yomweyo poti palibe chodikira. Apa ndiye kusiyana kumaoneka ndi maso: mayeso a pulogalamu omwe amalemba n'kufufuta mizere masauzande mu database yongoyeserera amatha msanga kwambiri. Kwinanso ndi pa ntchito zobala mafayilo ambiri osakhalitsa. Mapulogalamu ambiri, monga gcc, `sort` ndi R yosanthulira ziwerengero, amayang'ana TMPDIR kuti adziwe koika zinyalala zawo:

```
export TMPDIR=/mnt/changu
```

Zomba ndi mzinda wa anthu owerengera. Likulu la National Statistical Office lili konkuno, ndipo pa yunivesite ku Chirunga ophunzira ambiri amalimbana ndi R. Kwa iwo chenjezo ndi ili: `sort` amalemba mafayilo osakhalitsa pamene zomwe akusanjazo zakula kuposa RAM yomwe wapatsidwa. Kumuuza kuti aziike mu tmpfs ndi kumubwezera ku RAM yomweyo yomwe yachepa. Deta ikakhala yaikulu kuposa RAM, TMPDIR ikhale pa disiki. Amene ali pa Fedora, Arch kapena Debian 13 adziwenso kuti /tmp yawo ili kale mu tmpfs, ndipo mafayilo akuluakulu osakhalitsa malo ake ndi /var/tmp, yomwe ili pa disiki.

Phindu lina silikhudza liwiro. Raspberry Pi, kompyuta yaing'ono yokwana m'dzanja, imayendera kakhadi ka SD, ndipo kakhadiko kamatopa kakamalembedwa kosalekeza. Magetsi akaduka kali mkati molemba, kamatha kuonongeka mpaka Pi osayakanso. Ambiri amaika /var/log mu tmpfs kuti kakhadi kapume. Zimathandiza, koma mtengo wake ulipo. Zolemba za mu /var/log mumazifuna kwambiri tsiku lomwe makina agwa mosadziwika bwino, ndipo tsiku limenelo ndi lomwe zimafufutika. Komanso nginx ndi Apache, mapulogalamu oyendetsa mawebusaiti, amakana kuyamba akapeza kuti mafoda awo, /var/log/nginx ndi /var/log/apache2, palibe, ndiye muyenera kuuza systemd, pulogalamu yoyambitsa mapulogalamu ena kompyuta ikamayaka, kudzera mu /etc/tmpfiles.d kuti aziwapanga poyaka. Njira yofatsa ndi kuika Storage=volatile mu /etc/systemd/journald.conf, kuti journal, kaundula wa zochitika wa systemd, yokha izikhala mu /run, zina zonse n'kuzisiya momwe zilili.

Malangizo ambiri a pa intaneti analembedwa ndi anthu omwe magetsi awo amatha chaka osaphethira. Ife tikukumbuka mu Januwale 2022 namondwe Ana ataononga damu la Kapichira pa Shire, mamegawati pafupifupi 130 n'kuchoka kwa nthawi yoposa chaka. Ngakhale zinthu zili bwino, nyengo ya mvula mphezi imodzi pa phiri ndi yokwanira. Kompyuta ya patebulo yopanda UPS kapena inveta imataya zonse za mu tmpfs pa kuphethira kumodzi, ndipo jenereta sithandiza chifukwa pomwe ikulira RAM yazima kale. Laputopu ya batire yabwino imakupatsani nthawi. Mukaitseka chivindikiro n'kugona, RAM imakhalabe ndi moto wochokera ku batire ndipo mafayilo amakhalapo, mpaka batireyo itatha m'chikwama. Hibernate ndi yosiyana, imalemba RAM yonse pa disiki, choncho mafayilo amapulumuka, koma zinsinsi zija nazo zafika pa disiki, kaya munaika noswap kaya ayi.

Ndiye mu tmpfs muziikamo zomwe mutha kuzipanganso popanda kulira: zotuluka pomanga pulogalamu, database yoyeserera, mafayilo apakatikati a mawerengero. Zoyambira zikhale pa disiki, ndipo zotsatira zipite ku disiki zikangotuluka, osadikira madzulo. Kukumbukira ndi mutu sikudalirika, ndi bwino kuzimangirira pa lamulo lomwelo:

```
python3 werengera.py && rsync -a /mnt/changu/zotsatira/ ~/zotsatira/
```

Zizindikiro za && zikutanthauza kuti `rsync` ayenda pokhapokha pulogalamu yatha bwino. Kamzere kopendekeka kumapeto kwa zotsatira/ yoyambayo kakuuza `rsync` kuti akopere zamkati mwa foda, osati foda yeniyeniyo. Mukakaiwala mudzapeza foda mkati mwa foda. Ngati mawerengero anu amatenga maola, musadalire mzere umenewu wokha. Pulogalamuyo izilemba pomwe yafika pa disiki pakapita kanthawi, kuti magetsi akabwera muyambire pamenepo.

Pa makompyuta a mu labu ya sukulu, komwe sudo, mphamvu ya woyang'anira kompyuta, sapatsidwa kwa aliyense, `mount` akukanani. Simufunikira kuchonderera woyang'anira labu, chifukwa tmpfs ilipo kale yomwe mungalembemo. Mu /dev/shm aliyense amaloledwa: `mkdir /dev/shm/zanga` kenako `chmod 700 /dev/shm/zanga`, basi muli ndi foda ya mu RAM. Muzikumbukira kuti malowo mukugawana ndi mapulogalamu ena omwe amapatsirana deta kudzera momwemo, ndipo mukawadzaza, burawuza ndi PostgreSQL zitha kuyamba kugwa. Ina ndi /run/user/ yotsatana ndi nambala yanu ija, yomwe ndi yanu nokha koma njochepa, kawirikawiri 10 peresenti ya RAM. Malo awiriwa sadikira kuti kompyuta izime. Foda ya /run/user/ imachotsedwa mukangotuluka mu akaunti yanu komaliza, ndipo pa makompyuta ambiri a systemd, pomwe RemoveIPC ili yoyatsa mu /etc/systemd/logind.conf, mafayilo anu a mu /dev/shm nawonso amafufutidwa nthawi yomweyo. Ngati mwasiya ntchito ikuyenda pa seva kudzera pa ssh, njira yolowera mu kompyuta ina muli patali, n'kutseka laputopu kupita kukadya, imeneyo nayo imawerengedwa ngati kutuluka.